Msewu wa kwathu: amasankha ndani, amalipira ndani, nanga oyenda pansi adutsa pati?

Mvula ikangoyamba kumudzi, mafoni athu kuno amadzaza ndi zithunzi zonga zomwe tinaziona chaka chatha. Lole ya feteleza yatitimira m'matope. Ana asukulu akuwoloka mtsinje mabuku ali pamutu. Ambulansi yabwerera panjira chifukwa mlatho wapita ndi madzi. M'magulu athu a WhatsApp, kaya ndi a ku Johannesburg, Harare, Leeds kapena South Bend, mafunso amakhala amodzimodzi: aphungu ali kuti, boma likutani, kapena tingosonkha ndalama tikonze tokha?

Ana athu okulira kuno nawonso amafunsa akapita kukaona agogo. Amadabwa kuti tara wathera pa boma, ndiponso kuti kumene tara aliko, anthu, njinga, mbuzi ndi malole zimalimbirana msewu umodzi.

Ku Malawi kuli ndondomeko imene pempho la msewu limayenera kudutsamo, kuyambira pansi pa mtengo kwa agulupu mpaka m'chipinda chokambirana cha khonsolo. Woidziwa ndondomekoyi amadziwa khomo loyenera kugogoda komanso nthawi yake. Amadziwanso kuti malo a munthu woyenda pansi amayenera kupemphedwa msanga, msewu ukadali papepala.

Msewu uliwonse uli ndi mwini wake

Misewu ya ku Malawi inagawidwa m'magulu, ndipo chilembo choyambirira pa nambala ya msewu chimasonyeza gulu lake. Chilembo cha M ndi cha misewu ikuluikulu, monga M1 wochokera ku Nsanje kukafika ku Karonga. Pansi pake pali misewu ya S, kenako ya T, kenako ya D yomwe ndi misewu ya m'maboma. Pamapeto pali misewu ya m'midzi, yomwe yambiri ilibe nambala. Imeneyi ndi ija anthu analambula okha ndi makasu, ndipo akuluakulu ena amakumbukira kuti ina inalambulidwa pa sabata ya achinyamata nthawi ya Kamuzu.

Mwa ndondomeko, misewu ya M, S ndi T imayang'aniridwa ndi bungwe la Roads Authority, lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2006. Misewu ya D, ya m'midzi komanso ya m'matauni ili m'manja mwa makhonsolo. Choncho munthu wofuna tara pamsewu ngati wa Zomba-Jali-Phalombe-Chitakale, womwe unatenga zaka zambiri kuti umangidwe, ankayenera kuyang'ana ku likulu la boma ndi ku Nyumba ya Malamulo. Koma kamsewu kochokera pamsika kupita ku chipatala chaching'ono cha kwathu, mwini wake ndi khonsolo ya boma lathu.

Kukula kwa ntchitoyi tikuonere apa. Mwa makilomita opitirira 15,000 a misewu yomwe yakhala m'kaundula wa boma kwa zaka zambiri, ya tara ndi pafupifupi makilomita 4,000 okha. Yotsalayo ndi yafumbi, ndipo pamwamba pake pali makilomita masauzande angapo a misewu ya m'midzi. Anthu oposa 80 pa 100 aliwonse ku Malawi amakhala kumudzi, kutanthauza kuti ambiri mwa abale athu ulendo wawo uliwonse umayambira pamsewu wafumbi.

Ulendo wa pempho

Mu 1998 dziko la Malawi linakhazikitsa mfundo yopereka mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono. Cholinga chake chinali chakuti chitukuko chiziyambira kumene anthu ali. Makwerero ake ali motere.

Khwerero loyamba ndi komiti ya chitukuko ya kwa gulupu, yomwe aliyense amangoti VDC. Mamembala ake amasankhidwa ndi anthu a m'midzi, ndipo mfumu imakhala mlangizi. Komitiyi imaitanitsa misonkhano kuti anthu atchule mavuto awo ndi kuwaika m'ndandanda, lalikulu pamwamba. Pamenepa msewu umapikisana ndi mjigo, mdadada wa sukulu, nyumba ya mphunzitsi ndi chipinda cha amayi oyembekezera. Zimene anthu agwirizana zimalembedwa kukhala pulani ya mudzi.

Khwerero lachiwiri ndi ADC, komiti ya chitukuko ya dera lonse la mfumu yayikulu. Iyi imalandira mapulani a ma VDC onse n'kusankhamo zofunika kwambiri. Imathandizidwa ndi alangizi a boma ogwira ntchito m'deralo, monga a zaulimi, a zaumoyo ndi a zamaphunziro. Msewu wothandiza magulupu angapo umamveka bwino pano kusiyana ndi wothera pamudzi umodzi.

Khwerero lachitatu ndi khonsolo. Akatswiri a ku ofesi ya bwanamkubwa, makamaka mkulu woona za mapulani ndi mkulu woona za zomangamanga, amaunika mapempho n'kuwerengera mtengo wake. Ovomerezeka amalowa m'pulani ya chitukuko ya boma lonse, yomwe imakhala ya zaka zisanu. Chaka chilichonse khonsolo imatapamo ntchito zoti zilowe m'bajeti, ndipo makhansala amavomereza pamsonkhano wa khonsolo yonse. Pamsonkhanowu pamakhalanso aphungu ndi mafumu akuluakulu, ngakhale mafumuwo saponya voti.

Ambiri mwa ife tinachoka kumudzi makwererowa ali othyoka. Makhansala osankhidwa mu 2000 anamaliza nthawi yawo mu 2005, ndipo dziko linakhala opanda makhansala mpaka chisankho cha mu 2014. M'zaka zimenezo anthu anazolowera kukatula vuto lililonse kwa phungu, kuyambira bokosi la maliro mpaka mlatho. Chizolowezi chimenechi tinabwera nacho kuno. Komatu ntchito yeniyeni ya phungu ndi kupanga malamulo, kuvomereza bajeti ya dziko ndi kuyang'anira boma, pamene woimira wodi yathu ku khonsolo ndi khansala.

Ndalama zimachokera kuti?

Kulowa m'pulani ndi chiyambi chabe, chifukwa pulani imakhala yaitali kuposa thumba. Amene tikukhala ku Britain timadziwa msonkho wa khonsolo womwe nyumba iliyonse imalipira. Ku Malawi makhonsolo a m'mizinda amatolera msonkho wa nyumba ndi malo, koma khonsolo ya kumudzi imadalira matikiti a pamsika, ziphaso za mabizinesi ndi tina totere. Ndalama zimenezi sizingagule tara. Zambiri zimachokera ku likulu kudzera m'mathumba angapo.

Pali thumba la chitukuko cha m'maboma, DDF, lomwe limapita ku khonsolo kuti ligwire ntchito za m'pulani ija. Pali thumba la chitukuko cha dera la phungu, CDF, lomwe linayamba mu 2006. Kwa zaka zambiri ndalama za CDF zakhala zikumanga timilatho, makalavati ndi midadada ya sukulu, ndipo mkangano woti aziziyendetsa ndani pakati pa aphungu ndi makhonsolo wafika mpaka kukhoti. Palinso thumba la misewu lomwe limasungidwa ndi bungwe la Roads Fund Administration. Ndalama zake zambiri zimachokera ku msonkho woikidwa pa lita iliyonse ya petulo ndi dizilo, kuphatikizapo za pa zipata zolipiritsa magalimoto za pa Chingeni ku Ntcheu ndi pa Kalinyeke ku Dedza, zomwe zinatsegulidwa mu 2021 ndi mu 2022.

Mabungwe akunja nawo amaikapo dzanja. Pansi pa pulojekiti ya GESD, yothandizidwa ndi World Bank, makhonsolo a m'maboma amayesedwa chaka ndi chaka pa momwe akusungira mabuku a ndalama, momwe akuperekera makontirakiti ndi momwe akumalizira ntchito. Khonsolo yochita bwino imalandira ndalama zochulukirapo, ndipo yolephera ikhoza kumanidwa. Apa tikuona kuti chinyengo kapena ulesi wa mu ofesi ukhoza kulanda mudzi wosalakwa mlatho wake.

Kilomita imodzi ya tara imadya mamiliyoni mazanamazana a makwacha, ndipo mtengowu umakwera kwacha ikagwa chifukwa phula, dizilo ndi makina zimagulidwa kunja. N'chifukwa chake khonsolo yanzeru imayamba yadzifunsa ngati tara ndiye mankhwala oyenera pamsewu uliwonse.

Pakati pa matope ndi tara

Mdani wamkulu wa msewu ndi madzi. Msewu wafumbi wokonzedwa bwino umakhala wokwera pang'ono pakati kuti madzi azitsetserekera m'mbali. M'mbalimo mumakhala ngalande, ndipo ngalandezo zimakhala ndi tinjira topatutsira madzi kutchire asanachuluke. Pamene madzi ayenera kudutsa pansi pa msewu amaikapo kalavati. Zimenezi zikasowa, ngakhale tara amaphwasuka zaka zochepa.

Misewu yambiri ya kumudzi imadutsika bwinobwino kupatula malo awiri kapena atatu: padambo, pachitunda choterera, pamtsinje. Kukonza malo okhawo, pothira konkire pachitunda, kukweza msewu padambo, kapena kuyala konkire pansi pa mtsinje wouma m'chilimwe, kumatsegula msewu wonse chaka chathunthu pamtengo wochepa kwambiri. Kwa mayi amene matenda ayamba usiku mu February, funso ndi lakuti galimoto ifika kapena ayi, ndipo kalavati mmodzi akhoza kuliyankha.

Njira ina ndi kuthira dothi lamiyala lija amati gravel. Limathandiza, koma limatha. Mvula imalikokolola, matayala amaliulutsa ngati fumbi, ndipo pakapita zaka zingapo pamafunika kuthiranso lina, pamene malo okumba dothi labwino akunka natalikira. Pachifukwachi akatswiri anapeza njira yoika tara wopyapyala pamisewu yodutsa magalimoto ochepa, osapitirira pafupifupi 300 patsiku, pogwiritsa ntchito dothi lopezeka pafupi. Malawi ali ndi buku lake la malangizo a kamangidwe kotere, ndipo misewu ina ya m'madera a ulimi inamangidwa motero. Tara wotere amafuna kumusamala: kumata ming'alu msanga, kuchotsa zinyalala m'ngalande, ndi kuletsa malole olemera mopitirira muyezo.

Namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu March 2023 anasiya phunziro lina m'maboma monga Chikwawa, Nsanje, Mulanje ndi Phalombe. Milatho ndi makalavati zoyezedwa potengera mvula ya kale zinachepa. Pofunsa za msewu watsopano, tizifunsanso kuti njira za madzi aziyeza potengera mvula iti.

Posankha msewu woyamba kukonza, akatswiri amayang'ana kuchuluka kwa anthu, zipatala, sukulu, misika ndi zokolola, komanso amawerenga zodutsa pamsewupo. Kawerengedwe kameneka n'kofunika kukayang'anitsitsa. Owerenga akangolemba magalimoto okha, msewu wodzaza ndi anthu apansi, akabaza ndi ngolo umaoneka papepala ngati wopanda ntchito, ndipo ngakhale utamangidwa umamangidwira galimoto yokha.

Walira mvula walira matope

Tara akafika, fumbi limatha, mtengo wa thiransipoti umatsika, ogula mbewu amafika pakhomo. Limafikanso liwiro. Galimoto yomwe inkakwawa pozemba maenje imayamba kuthamanga ngati ili pa M1, pamsewu womwewo umene mwana wa sitandade 1 amayendamo popita kusukulu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati ngozi zapamsewu ndizo zikupha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Limatinso chiopsezo choti munthu wapansi afe akagundidwa chimakula kuwirikiza kanayi ndi theka liwiro likachoka pa makilomita 50 kufika pa 65 pa ola. N'chifukwa chake akatswiri amalimbikitsa makilomita 30 pa ola pamalo amene anthu ndi magalimoto amasakanikirana, monga pasukulu ndi pamsika. Ambiri tikukumbukira ngozi ya mu 2019 pamsika wa Kampepuza ku Ntcheu, pamene lole inalowerera anthu m'mbali mwa msewu n'kupha ambiri.

Zoteteza oyenda pansi n'zodziwika, ndipo mtengo wake ndi wochepa poyerekeza ndi wa msewu wonse. Tara azipitirira m'mphepete mwa msewu kuti apansi ndi apanjinga akhale ndi poyenda. Pamalo a malonda pakhale njira ya apansi yolekanitsidwa ndi msewu, ndipo ngalande zake zikhale zovindikira kuti ana ndi okalamba asagweremo. Pafupi ndi sukulu, chipatala ndi msika pakhale mahampu ndi powolokera pokwera, popeza mizere yopenta yokha siimitsa galimoto ndipo imafufutika msanga. Mlatho ukhale ndi mbali ya apansi yokhala ndi chogwirira. Maminibasi ndi akabaza akhale ndi poima pawo kunja kwa msewu. Ogulitsa malonda apatsidwe malo apafupi oti makasitomala angawafikire, chifukwa msika wosamutsidwira kutali umabwerera wokha m'mbali mwa msewu. Njirazi zikhalenso zoti munthu wa pa njinga ya olumala kapena woyendera ndodo angadutsemo.

Tisaiwale njira zomwe galimoto sidzadutsamo n'komwe. Kamlatho ka apansi pamtsinje wolekanitsa mudzi ndi sukulu kakhoza kupulumutsa masiku ambiri a maphunziro m'dzinja, ndipo ndi ntchito imene thumba la khonsolo lingakwanitse.

Chachikulu pa zonsezi ndi nthawi. Kontirakitala amamanga zomwe zili pa chojambula ndi pa mndandanda wa ntchito womwe anasainira. Njira ya apansi ikasowa pamenepo, kuionjezera pambuyo pake kumafuna ndalama zina, ndipo kawirikawiri mahampu amabwera maliro atachitika kale. Pamisewu ikuluikulu malamulo a zachilengedwe amafuna kuti pachitike kafukufuku wa momwe ntchitoyo ikhudzire anthu ndi malo, ndipo anthu okhudzidwa amayenera kufunsidwa maganizo. Misonkhano imeneyi nthawi zambiri imathera pa nkhani ya chipukuta misozi cha nyumba ndi mitengo. Nkhaniyo ndi yofunika, koma pamsonkhano womwewo ndi pamene mphunzitsi wamkulu, komiti ya sukulu ndi amayi a pamsika ayenera kuloza malo amene ana amawolokera.

Pali mbali ina yotikhudza ife mwachindunji. Ambiri timatumiza ndalama kuti atimangire golosale kapena nyumba ya lendi m'mbali mwa msewu. Msewu uliwonse wa boma uli ndi malo ake osungidwa, ndipo pamisewu ya M ndi mamita 30 mbali iliyonse kuchokera pakati pa msewu. Chomangidwa m'malo amenewa popanda chilolezo chikhoza kugwetsedwa popanda chipukuta misozi. Chimatsekanso malo omwe pakanadutsa njira ya apansi. Tisanatumize ndalama ya njerwa, wachibale akafunse ku khonsolo malire a msewuwo.

Kuno tili nazonso

Kwa ana athu, njira yosavuta yomvetsa zonsezi ndi kuyang'ana pakhomo pomwe. Ku South Africa, lamulo la mu 2000 limalamula masipala aliyense kukhala ndi pulani ya zaka zisanu yotchedwa IDP, yomwe imaunikidwanso chaka chilichonse anthu a m'mawodi atafunsidwa. Ku Zimbabwe kuli makhonsolo a madera akumidzi okhala ndi makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a m'mawodi, ndipo ndalama za misewu zimatoleredwa ndi bungwe la ZINARA. Ku England misewu yaing'ono ili m'manja mwa makhonsolo, ndipo powolokera pa sukulu kapena malire a liwiro a mamailosi 20 pa ola kawirikawiri zimabwera makolo atapempha mobwerezabwereza. Njira ya apansi yomwe mwana wathu amayendamo m'mawa uliwonse inalembedwa m'pulani ndi munthu wina, inavomerezedwa pamsonkhano wina, ndipo inalipiridwa ndi msonkho wa anthu. Kusiyana kwake ndi kwathu ndi kukula kwa thumba komanso kulimba kwa maofesi.

Ife tingachitepo chiyani?

Choyamba, tidziwe gulu la msewu wa kwathu ndi nambala yake ngati ilipo. Zimenezi zimatiuza ngati nkhani yathu ndi ya ku khonsolo kapena ya ku Roads Authority.

Chachiwiri, tifunse abale ngati msewuwo kapena mlathowo unalembedwa m'pulani ya VDC, ndiponso ngati ADC inaupititsa ku khonsolo. Ngati sunalembedwe, ntchito iyambire pamenepo. Tilimbikitse amayi ndi achinyamata a pabanja pathu kupita ku misonkhanoyi, pakuti iwo ndi amene amayenda kwambiri wapansi, popita kuchigayo, kusikelo, kumsika ndi kusukulu.

Chachitatu, tisunge kalendala. Chaka cha boma cha zachuma tsopano chimayamba pa 1 April, choncho bajeti imakonzedwa miyezi ya m'mbuyo mwake, pamene ntchito za misewu zimayenda bwino m'chilimwe. Zithunzi za m'dzinja zija zisathere pa WhatsApp. Zilembedwe tsiku ndi malo, ziperekedwe kwa wapampando wa VDC ndi kwa khansala ngati umboni.

Chachinayi, tigwiritse ntchito lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma, lomwe linayamba kugwira ntchito mu September 2020. Mmalawi akhoza kulembera khonsolo kupempha pulani ya chitukuko, bajeti, dzina la kontirakitala, mtengo wa ntchito ndi tsiku loyenera kumaliza. Mwana wathu wodziwa kompyuta akhoza kuthandiza amalume ake kulemba kalata yotere ndi kuwerenga bajetiyo ikabwera.

Chachisanu, ngati gulu lathu lasonkha ndalama, tisankhe ntchito yolingana ndi thumba lathu: kalavati, kamlatho ka apansi, simenti yokonzera pachitunda. Tidzere kwa mfumu, VDC ndi khonsolo, ndipo injiniya wa khonsolo ayeze ndi kuvomereza ntchito isanayambe. Mlatho womangidwa mongoyerekeza ukhoza kugwa ndi anthu, ndipo hampu yomangidwa usiku popanda chikwangwani imagwetsa wanjinga yamoto. Tigwirizanenso pachiyambi pomwe kuti adzachotsa mchenga m'kalavatiyo ndani mvula isanagwe.

Ndondomeko tafotokozayi ili ndi zofooka zake. Ndalama zimachedwa kufika, ndale zimalumphitsa misewu ina pamzere, ndipo makomiti ena amangokhalapo dzina. Komabe pempho lolembedwa m'pulani limakhala ndi poyambira kulilondola chaka chamawa, ngakhale khansala kapena bwanamkubwa atasintha. Tikaimbanso foni kumudzi sabata ino, titafunsa za moyo ndi za kumunda, tifunsenso kuti VDC ikumana liti, ndipo pabanja pathu apitako ndani.